EDWARD JENNER, SING'ANGA AMENE ANAPEZA KATEMERA WA NTHOMBA

Mwezi uno tifuna kufotokozera awerengi athu mbiri ya munthu wina amene dzina lace silimveka kawirikawiri m'midzi mwathu, koma cizindikiro ca nchito yace ciri pa mikono ya okalamba ambiri. Mukapenya mkono wa agogo anu kumtunda, kufupi ndi phewa, kapena mudzaona cipsera cozungulira, cokumbika pang'ono. Kwa ambiri a iwo ico ndico cipsera ca katemera wa nthomba. Ana a makono saidziwa nthomba, pakuti inatha pa dziko lonse lapansi. Ndipo kuyenera kuti tidziwe munthu amene Mulungu anamgwiritsa nchito poyamba kutsegula njira ya cipulumutso cimeneci.

NTHENDA YA NTHOMBA

Tisananene za munthuyo tiyambe tanena za mdani amene analimbana naye. Nthomba inkayamba ndi malungo akuru, mutu ndi msana kupweteka. Atapita masiku awiri kapena atatu zironda zinkaturuka m'kamwa, kumaso, m'manja ndi thupi lonse, ndipo zinkasanduka matuza odzala mafinya. Inkayenda ndi mpweya wa wodwala, ndiponso ndi nsaru ndi zopfunda zace. Mwa anthu 10 ogwidwa ndi nthomba yaikuru, ngati 3 ankafa, makamaka ana. Ocira ankatsala ndi zipsera kumaso, ndipo ena ankacita khungu moyo wao wonse. Ku Ulaya m'zaka za 1700 inkapha anthu ngati 400,000 caka ciri conse. Siinkaopa mpando wacifumu ai: Mfumukazi Mary II ya ku England inafa nayo mu 1694, ndi Mfumu Louis XV ya ku France mu 1774.

Koma anthu a maiko ambiri anazindikira cinthu cimodzi: munthu wocira nthomba saidwalanso kaciwiri. Cifukwa cace ku India, ku Turkey ndi m'maiko ena a mu Africa muno anthu ankatenga mafinya a wodwala nthomba, nawatemera m'kamphini pa khungu la munthu wamoyo bwino, kuti adwale pang'ono nacinjirizike. Nzeru imeneyi Azungu anacita kuiphunzira kwa ena. Ku Boston, m'dziko la America, kapolo wina wocokera ku Africa, dzina lace Onesimus, anaonetsa mbusa Cotton Mather cipsera cace namfotokozera macitidwe a kwao, ndipo njirayo inayesedwa kumeneko pa mliri wa mu 1721. Caka comweco mai wina womveka, Lady Mary Wortley Montagu, amene anaiona njirayo ku Turkey, anatemeretsa mwana wace wamkazi ku London.

Njira yakaleyi inapulumutsa ambiri, komabe inali ndi zoopsa ziwiri. Coyamba, munthu wotemeredwayo ankadwala nthomba yeniyeni, ndipo mwa anthu 100 mmodzi kapena awiri ankafa nayo. Caciwiri, iye ankatha kupatsira anzace, kotero kuti pofuna kucinjiriza nyumba imodzi nthawi zina ankayatsa mliri m'mudzi monse.

UBWANA WACE

Edward Jenner anabadwa pa 17 May, 1749, m'mudzi wa Berkeley, m'dera la Gloucestershire ku England, dera la msipu wabwino ndi ng'ombe zambiri za mkaka. Atate wace, Stephen Jenner, anali mbusa wa Eklesia wa pamudzipo. Edward ali ndi zaka 5 atate ndi amai ace anamwalira caka cimodzi, ndipo mwana wamasiyeyo analeredwa ndi alongo ace ndi mkuru wace, amenenso anali mbusa.

Ali ndi zaka ngati 8 anamtemera nthomba monga mwa njira yakale ija. Masiku amenewo asing'anga ankayamba kufoketsa mwana pomcotsa mwazi, kumpatsa mankhwala otsegula m'mimba ndi kummana cakudya cokwanira masabata angapo; atamtemera ankamtsekera m'khola pamodzi ndi ana ena kufikira nthenda itatha. Edward anacira, koma zowawa za masiku aja sanaziiwala.

Kuyambira ubwana wace anakonda kupenyetsetsa zolengedwa: zisa za mbalame, tinyama ta kuchire, ndi miyala yokhala ndi zigoba za nkhono zakalekale. Pofika zaka ngati 14 anapita kukaphunzira nchito ya using'anga ku Chipping Sodbury, kumene anakhala zaka 7. Mu 1770 anapita ku London kukakhala wophunzira wa John Hunter, dotolo womveka wa cipatala ca St George. Hunter anamphunzitsa mwambo umene anausunga moyo wace wonse: kuti munthu wofuna kudziwa coona asakhutire ndi kulingalira kokha, koma ayese cinthuco, apenye cocitika, ndipo abwerezenso. Ali ku London anathandiza kulongosola zomera ndi zamoyo zimene Joseph Banks anabwera nazo pa ulendo wa ngalawa wa James Cook. Akadafuna akadakhala mu mzinda waukuru ndi kulemera, koma mtima wace unali kwao. Cotero anabwerera ku Berkeley nakhala sing'anga wa kumidzi, woyenda pa kavalo m'matope ndi m'cisanu kukaona odwala.

KUDEKHA KWACE

Akuru amati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo Jenner anali munthu wodekha. Ku England kuli mbalame ina imene aicha cuckoo, yosamanga cisa, koma iikira dzira lace m'cisa ca mbalame yina, monga acitira nsadzu wa kuno. Anthu ankadabwa cimene cicotsa mazira ndi ana a mwini cisa. Jenner anazonda zisa zambiri nyengo zingapo, napeza kuti kamwana ka cuckoo komwe, kasanapenye nkomwe, ndiko kamasenza mazira ndi ana anzace pamsana ndi kuwagwetsa pansi. Napezanso kuti kamsana kace kali ndi kadzenje kosenzera, kamene kamatha patapita masiku ngati 12. Analemba zimenezi mu 1788, ndipo bungwe la akuru a nzeru lochedwa Royal Society linamlandira akhale mmodzi wa iwo. Ambiri anakana kukhulupira, kufikira mu 1921, pamene zithunzi zoyenda za kanema zinaonetsa kuti ananena zoona. Caka comweco ca 1788 anakwatira Catherine Kingscote, ndipo anabala ana atatu.

Tachula nkhani ya mbalameyi cifukwa ionetsa mtundu wa munthuyo. Maso omwewo amene anadikira pa cisa ndiwo anadikira pa manja a okama ng'ombe.

NTHOMBA YA NG'OMBE

M'dera la kwao ng'ombe nthawi zina zinkaturuka matuza pa mabere, ndipo okama mkaka ankatenga nthendayo m'manja. Inali nthenda yaing'ono: matuza owerengeka, kutentha thupi masiku pang'ono, basi. Alimi ankanena kuti munthu amene anadwala nthomba ya ng'ombeyi sagwidwa ndi nthomba yaikuru. Asing'anga ambiri ophunzira ankayesa mauwo nthano cabe ya anthu a kumidzi. Koma mlimi wina wa ku Dorset, Benjamin Jesty, anawakhulupira kotero kuti pa mliri wa mu 1774 anatemera mkazi wace ndi ana ace amuna awiri ndi mafinya a ng'ombe, ndipo anapulumuka. Koma anansi ace anamnyoza, ndipo iye sanalemba kanthu kuti dziko lidziwe.

Jenner sananyoza mau a alimi, ndiponso sanawalandira osawayesa. Zaka zambiri anafunsa, nalemba maina ndi mbiri za anthu amene anadwalapo nthomba ya ng'ombe, napenya ngati nthomba yaikuru iwagwira powatemera monga mwa njira yakale. Anapeza kuti pa mabere a ng'ombe pamaturuka zironda za mitundu yosiyana, ndipo mtundu umodzi wokha ndiwo ucinjiriza. Anapezanso kuti mafinya ayenera kutengedwa thuza lisanakalambe. Ici ndico cifukwa cace ena amene ankati anadwala nthomba ya ng'ombe ankagwidwabe ndi nthomba.

Pa 14 May, 1796, anatenga mafinya pa dzanja la namwali wokama ng'ombe, Sarah Nelmes, natemera timphini tiwiri pa mkono wa James Phipps, mnyamata wa zaka 8, mwana wa munthu wosauka womgwirira nchito m'munda. Patapita sabata mnyamatayo anatentha thupi pang'ono nakana cakudya, koma posacedwa anacira. Pa 1 July Jenner anamtemera mafinya a nthomba yeniyeni, ndipo nthenda siinamgwira. Anamyesanso pambuyo pace, koma osadwala.

Wina angafunse ngati kunali koyenera kuyesa cinthu cotere pa mwana wa mwini. Funso limeneli nlabwino. Tikumbukire kuti kutemera nthomba yeniyeni kunali mwambo wa masiku onse m'dziko lija, ndipo Jenner mwini anapyola momwemo ali mwana. Ndiponso mu 1798 anatemera mwana wace Robert, wa miyezi 11, ndi nthomba ya ng'ombe. Komabe masiku ano malamulo salola kuyesa mankhwala motero: ayamba kuwayesa nthawi yaitali asanafike pa munthu, ndipo palibe woyesedwa popanda kumfotokozera ndi kubvomera kwace kapena kwa makolo ace. Malamulo amenewa ngabwino, pakuti moyo wa mwana wa wosauka ulingana ndi moyo wa mwana wa mfumu.

Jenner sanadziwa cifukwa ceniceni cimene njira yace inagwirira nchito, pakuti masiku ace tizirombo toyambitsa nthenda tinali tisanadziwike. Lero tidziwa kuti nthomba ya anthu ndi nthomba ya ng'ombe ziyamba ndi tizirombo tating'onong'ono tosaoneka ndi maso, tochedwa mavairasi, ndipo tiwiriti ndi ta pfuko limodzi. Thupi likalimbana ndi kofatsako liphunzira maonekedwe a pfuko lonse, nilisunga zida zace m'mwazi. Tsono kaukali kaja pofika kapeza mudzi uli maso, alonda ali pa cipata.

OTSUTSANA NAYE

Mu 1797 anatumiza mau a zimene anapeza kwa akuru a Royal Society, koma iwo sanawasindikiza, poona kuti umboni unali wocepa. Jenner sanataya mtima. Nthomba ya ng'ombe itaonekanso mu 1798 anatemera ana ena, kucotsa pa mkono wa mmodzi kupatsa wina, naonetsa kuti mphamvu yace siicepa poyenda motero. Caka comweco anasindikiza ndi ndalama zace kabuku kofotokoza mbiri za anthu 23. Anakhala ku London miyezi itatu kufunafuna wolola kutemeredwa, osampeza ndi mmodzi yemwe. Koma atabwerera kwao dotolo wina, Henry Cline, anayesa mafinya amene anamsiyira, naona kuti ngoona, ndipo mbiri inayamba kuwanda.

Pamenepo mtsutso waukuru unabuka. Asing'anga ena amene ankalemera ndi njira yakale anaopa kutaya phindu lao. Ena ankaopseza anthu kuti wolandira kanthu kocokera ku nyama adzasanduka ngati nyama. Ndipo mu 1802 wojambula wina, James Gillray, anajambula cithunzi coseketsa ca anthu otemeredwa alikumera tiana ta ng'ombe pamphuno ndi m'mikono. Ena ankati nkulakwira Mlengi kuika za nyama m'thupi la munthu, ngakhale iwo omwe ankamwa mkaka ndi kudya nyama ya ng'ombe masiku onse. Koma abusa ena ambiri analimbikitsa nkhosa zao kutemeredwa, ndipo ena ankatemera okha anthu a mu mpingo mwao. Panalinso zolakwa zenizeni: ku cipatala ca nthomba ca ku London mu 1799 katemera anasanganizika ndi nthomba yeniyeni, ndipo otemeredwa anaturuka zironda thupi lonse. Jenner anacezera kulemba makalata ku maiko onse, kulangiza za katengedwe koyenera ndi kutumiza katemera wouma pa ulusi ndi m'magalasi kwa yense wopempha.

Tisabise kuti iyenso anali ndi polakwa pace. Anaumirira kunena kuti katemera mmodzi acinjiriza munthu moyo wace wonse. Koma mu 1811 mnyamata wina wa banja lomveka ku London, amene Jenner mwini anamtemera zaka 10 zapitazo, anadwala nthomba kwambiri, ngakhale anacira. Pambuyo pace kunadziwika kuti mphamvu ya katemerayo imacepa ndi zaka, ndipo afunika kubwereza. Ndiponso kucotsa katemera pa mkono wa munthu kupatsa wina nthawi zina kunkapatsirana nthenda zina monga cindoko. Cifukwa cace asing'anga a pambuyo analeka njirayo, nayamba kukonza katemera pa khungu la ana a ng'ombe. Umo ndimo nzeru yoona imakulira: wotsatira akonza polakwa pa wotsogola, osataya cabwino cimene anapeza.

KUWANDA KWA KATEMERA

Zaka zowerengeka zokha katemera anafika ku maiko ambiri a ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 1802 anafika ku India. Mu 1803 mfumu ya ku Spain inatumiza ngalawa yotsogozedwa ndi dotolo Francisco Balmis kunka ku maiko ace a kutsidya kwa nyanja. Popeza panalibe njira yosungira katemera pa ulendo wautali wotere, anatenga ana amasiye 22, namawatemera awiriawiri motsatana, kuti thuza la ena likapsa atengepo kutemera otsatira. Motero katemera anaoloka nyanja yaikuru ali wamoyo m'mikono ya ana amasiye. Napoleon wa ku France, ngakhale anali pa nkhondo ndi England, anatemeretsa asilikari ace, ndipo anamasula Angelezi ena ogwidwa m'dziko lace cifukwa Jenner anawapempherera.

Jenner akadabisa nzeru yace ndi kuigulitsa akadakhala mmodzi wa olemera a dziko lace. Iye anaipereka poyera, ndipo nchito yace ya using'anga inalowa pansi cifukwa ca nthawi imene anataya pa makalata ndi maulendo. Poona ici Nyumba ya Malamulo ya ku England inampatsa mapaundi 10,000 mu 1802, ndi ena 20,000 mu 1807. M'munda wa nyumba yace munali kanyumba kofolera ndi udzu, ndipo m'menemo ankatemera amphawi kwaulere pa masiku oikika. James Phipps atakula nakwatira, Jenner anampatsa nyumba yokhalamo wosalipira.

Zisoni sizinamlambalala. Mwana wace woyamba, Edward, anamwalira ndi cifuwa cacikuru mu 1810, ndipo mkazi wace anamwalira ndi nthenda yomweyo mu 1815. Iye amene anacinjiriza ana a anthu osawerengeka ku nthenda imodzi analibe mankhwala a nthenda imene inalowa m'nyumba yace. Atafedwa anakhala phee ku Berkeley, kuona odwala, kuweruza milandu yaing'ono ya pamudzi, ndi kulemba za maulendo a mbalame zimene zimasamuka ndi nyengo. Anagwidwa ndi nthenda yakufa ziwalo, namwalira pa 26 January, 1823, ali ndi zaka 73, ndipo anaikidwa m'nyumba ya Mulungu ya ku Berkeley, momwe atate wace ankalalikira.

ZIPATSO ZA NCHITO YACE

Mbeu imene anabzala inakula iye atapita. Mu 1840 boma la England linaletsa njira yakale ija, ndipo mu 1853 linalamula kuti makanda onse atemeredwe. Lamulo lokakamiza linautsa mkwiyo, kotero kuti mu 1885 khamu lalikuru linasonkhana ku Leicester kulitsutsa, ndipo mu 1898 boma linalifewetsa. Mu 1881 Louis Pasteur wa ku France, amene anapeza akatemera a nthenda zina, anapempha kuti onse azichedwa ndi dzina lija Jenner anapatsa wace, locokera ku liu la Cilatini lotanthauza ng'ombe, kuti ulemu wace usaiwalike.

Ngakhale zinatero, m'zaka za 1900 nthomba inaphabe anthu ngati 300 miliyoni, makamaka m'maiko osauka kumene katemera ankaonongeka ndi kutentha asanafike kumidzi. Atapeza njira youmitsa katemera kuti apirire dzuwa, bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, linayamba nkhondo yaikuru mu 1967. Anchito ace ankafunafuna wodwala ali yense, kumpatula, ndi kutemera onse omzungulira, monga tilambulira mphepete mwa munda kuti moto wolusa usalowe. Munthu wotsiriza kutenga nthomba mwa kupatsirana kwa masiku onse anali Ali Maow Maalin, wophika wa pa cipatala ku Merca m'dziko la Somalia, mu October 1977, ndipo anacira. Pa 8 May, 1980, maiko anabvomerezana kuti nthomba yatha pa dziko lonse lapansi. Ndiyo nthenda yoyamba ya anthu imene inathetsedwa konse.

CIMENE TIPHUNZIRAPO

Coyamba, tisapeputse nzeru cifukwa ca munthu woinena. Kapolo wa ku Africa, okama ng'ombe ndi mlimi wosaphunzira anadziwa cimene madotolo a mu mzinda sanacidziwa. Caciwiri, tisalandire mau ali onse osawayesa. Jenner anapambana anzace cifukwa anayesa, nawerenga, nalemba poyera kuti ena amtsutse ngati walakwa. Cacitatu, mphatso imene Mulungu apatsa munthu mmodzi aipatsira onse.

Ndipo pali mau ena amene tiyenera kunena kwa inu makolo. Nthomba inatha, koma cikuku, kafumbata, cifuwa cokoka mtima ndi poliyo sizinathe. Mu 2022 mwana wina ku Lilongwe anapezeka ndi poliyo, nthenda yopuwalitsa imene ambiri ankayesa kuti inacoka kale m'dziko muno. Mabodza a masiku a Jenner sanafe ai, anangosintha zobvala: kale ankati mwana adzamera nyanga, lero ena anong'ona kuti katemera aletsa kubala, ndipo ena aphunzitsa kuti kupita ndi mwana ku sikelo nkucepa cikhulupiriro. Abale, munthu wofolera nyumba yace mvula isanagwe sakana Mulungu wopatsa mvula. Ndipo Yosefe pomanga nkhokwe m'Aigupto njala isanafike anamvera Mulungu, sanamkana. Mwana akatentha thupi tsiku limodzi kapena awiri atalandira katemera, ndico cizindikiro cakuti thupi liphunzira; zikapitirira, bwererani naye ku cipatala. Mukakhala ndi cikaiko funsani anamwino ndi alangizi a za umoyo, pakuti safunsa anadya phula. Akuru a mpingo ndi amai a cigwirizano akumbutsane masiku a sikelo, ndi kuthandiza mai amene ali ndi ana ambiri kapena akhala kutali.

Tiyamike Mulungu amene anabisa mankhwala a nthenda yoopsa pa bere la ng'ombe, napatsa mwana wamasiye wa ku Berkeley maso akuwaona ndi mtima wakuwagawira onse. Ndipo ife amene tinalandira osalipira tisamane ana athu.